Pakhomo poyera, kumsewu zinyalala: tikambirane za mphwayi za anthu a ku India

Kondwani (Bengaluru):
Abale pagulu pano, pali nkhani yomwe yakhala ikundidya mumtima, ndipo ndikufuna tiikambirane mosapsatira, makamaka ife amene tili kuno ku India kapena tinakhalako. Dziko lino linatumiza chombo cha Chandrayaan-3 mpaka kukatera kumwezi mu Ogasiti 2023. Lili ndi madokotala amene abale athu amagulitsa minda kuti akakumane nawo. Koma m'dziko lomwelino, pa 30 Okutobala 2022, mlatho wolendewera wa ku Morbi, m'chigawo cha Gujarat, unaduka anthu ali pamwamba n'kugwera mumtsinje wa Machchhu. Anafa anthu osachepera 135, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Mlathowo unali utangotsegulidwa masiku anayi m'mbuyomo, akuti aukonza, ndipo ntchito youyang'anira anaipereka ku kampani ya Oreva yomwe imadziwika ndi kupanga mawotchi.

Mu Meyi 2024 chikwangwani chachikulu chotsatsa malonda chinagwera pamalo omwetsera mafuta ku Ghatkopar mumzinda wa Mumbai, anthu 17 n'kufa. Lamulo limalola mafiti 40 mulitali ndi 40 mulifupi, koma icho chinali cha mafiti 120 mbali zonse. Chinthu chotero sichibisika. Anthu masauzande ankadutsa pansi pake tsiku ndi tsiku. Mu Julayi chaka chomwecho ku Old Rajinder Nagar ku Delhi, ophunzira atatu anamira m'chipinda cha pansi pa nthaka chomwe sukulu yawo inachisandutsa laibulale, madzi a mvula atasefukira kuchokera mumsewu. Ana amenewa ankawerengera mayeso oti adzakhale akuluakulu a boma.

Chimene chikundipweteka si ngozi zokhazo ayi. N'chakuti pa zonsezi panali anthu ambirimbiri amene ankaona vuto, n'kungodutsa. Ukafunsa mnzako wa kuno chifukwa chake waya wamagetsi akulendewera pamutu pa ana a sukulu, amangokweza mapewa n'kunena kuti "chalta hai", zimayenda choncho. Anthu akafa, ma TV amakuwa sabata imodzi, boma limalengeza chipepeso, wina wamng'ono amamangidwa, basi yatha. Kodi mphwayi zimenezi zimachokera kuti?

Mayi Nachisale (Delhi):
A Kondwani mwanena zoona. Ine ndili kuno kudikirira abambo akunyumba amene akulandira chithandizo. Nyumba imene tikuchita lendi, mayi mwini wake ndi waukhondo kwambiri. Amakolopa m'mawa ndi madzulo, nsapato zimatsala pakhomo, kukhitchini sungalowe usanasambe m'manja. Koma zinyalala za m'nyumba yomweyo zimaponyedwa kuseri kwa mpanda, pamene ng'ombe ndi agalu amafwanthula mapepala apulasitiki. Akatuluka pageti amaphimba mphuno ndi nsalu n'kudutsa. Sindinamvepo akudandaula kwa wina aliyense.

Nanga mpweya? Mwezi wa Novembala kuno dzuwa limaoneka ngati mwezi chifukwa cha utsi. Nambala ija amayezera kuipa kwa mpweya imapitirira 400, sukulu kutsekedwa. Amanena kuti ndi alimi a ku Punjab ndi Haryana amene amawotcha mapesi a mpunga, ndipo n'zoona, koma pa chikondwerero cha Diwali anthu a mumzinda momwemuno amaphulitsa makombola usiku wonse ngakhale khothi litaletsa. Kukacha, omwewo ndi amene akutsokomola. Kwa ife amene tili ndi odwala, zimatiwawa kwambiri.

Imran (Leicester):
Ndiyankhepo ine monga mmwenye wobadwira ku Limbe. Agogo anga anachokera ku Gujarat komweko kumene kunagwa mlathoko, choncho nkhani ya Morbi inandikhudza. Koma achimwene Kondwani, tisamale pakamwa. India ili ndi anthu oposa 1.4 biliyoni. Tikayamba kunena kuti "amwenye ndi otere", ndi mawu omwewo amene ife tinakulira tikuwamva kumsika ku Limbe, ndipo sanathandizepo aliyense. Sindikukana kuti vuto lilipo. Ngakhale ku London, khonsolo ya Brent yakhala ikulimbana ndi anthu olavula paan (tsamba lotafuna limene limafiiritsa malovu) m'misewu ya ku Wembley mpaka makoma kufiira, ndipo ife tomwe timachita nazo manyazi. Koma kwerani sitima ya Metro ku Delhi. Inayamba kuyenda mu 2002, imanyamula anthu mamiliyoni tsiku lililonse, ndipo ndi yaukhondo, imasunga nthawi. Amene amakweramo ndi anthu omwewo amene amataya zinyalala kunja. Ndiye si magazi.

Kondwani (Bengaluru):
A Imran, ndikugwirizana nanu kuti si magazi, ndipo sindikunyoza mtundu wa anthu. Anzanga a kuno andisunga bwino, ena ananditengera kwawo pa tchuthi. Koma chitsanzo chanu cha Metro ndi chimene chikundiwonjezera mkwiyo. Munthu waona ndi maso ake kuti zinthu zikhoza kuyenda bwino. Watsika sitima yoyera, wakwera masitepe, watulukira pamsewu wokumbika wopanda poyenda anthu apansi, ngalande yosavundikira. Bwanji safunsa kuti ndalama za msewu umenewu zinapita kuti?

Bambo Chirwa (Zomba):
Ana anga, mundilole ndiikepo mawu. Ndinagwira ntchito m'makhonsolo kwa nthawi yaitali, ndipo ndinapitako ku Hyderabad kukachita maphunziro a zamaboma ang'ono. Funso la Kondwani lili ndi yankho lina lomwe anthu salikonda chifukwa silikoma kukamba: munthuyo akafuna kufunsa, afunsa ndani?

Mu 1992 India inasintha malamulo ake akuluakulu, kusintha kwa nambala 74, kuti mizinda izidzilamulira, ikhale ndi makhansala osankhidwa komanso makomiti a m'mawodi. Papepala n'zabwino kwambiri. Koma maboma a zigawo sanafune kutula mphamvu. M'mizinda yambiri meya ndi wongodula maliboni, kwina amakhala chaka chimodzi chokha pampando. Mphamvu zenizeni zili ndi komishinala, amene amaikidwa ndi boma la chigawo ndipo akhoza kusamutsidwa tsiku lililonse. Kumene uliko iwe Kondwani, nthawi ya makhansala inatha mu Sepitembala 2020, ndipo mzinda wa anthu oposa 10 miliyoni unakhala zaka ndi zaka popanda khansala wosankhidwa ngakhale mmodzi. Mumbai, imene khonsolo yake ndi yolemera kuposa ina iliyonse m'dzikomo, inalowa m'vuto lomwelo mu Malichi 2022. Onjezanipo kuti msewu uli ndi bungwe lake, madzi bungwe lina, magetsi lina, mapulani a mzinda linanso. Wina akathira phula lero, mawa wina akubwera kudzakumba kuti aike paipi. Ukapita kukadandaula amakuuza kuti si kuno, pitani uko.

Ife zimenezi tikuzidziwa. Kuno kwathu tinakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo ndinaona ndi maso anga mmene anthu anasiyira kubwera kukhonsolo. Munthu akagogoda kangapo osatseguliridwa, amasiya. Ana ake amakula osadziwa n'komwe kuti pamenepo pali khomo.

Madalitso (Pune):
Bambo Chirwa, zimene mwanenazo ndikuzilemekeza, koma pali chinthu china chimene tonse tikuchizungulira, ndipo anthu a kuno nawonso amachizungulira. Ndi nkhani ya caste, kugawa anthu m'magulu apamwamba ndi apansi malinga ndi banja limene anabadwiramo. Kwa zaka mazanamazana, ntchito yochotsa nyansi kuno inali ya anthu obadwira m'magulu ena ake a Dalit, anthu amene amaikidwa pansi penipeni. Sinali ntchito yosankha, munthu ankabadwiramo. Ndiye mwana wa banja la pamwamba amakula akudziwa kuti chonyansa chikangotuluka pakhomo pawo, si chake ayi, pali wina amene anabadwira kuti adzachitole. Mayi aja a Nachisale akuwanenawo, amene amakolopa kawiri patsiku, sikuti sadziwa ukhondo. Amaudziwa bwino, koma malire ake ndi pageti. Kunja kwa geti ndi dera la munthu amene iwo sangamwe naye madzi kapu imodzi.

Ndipo munthuyo amafa. Kuchotsa chimbudzi cha anthu ndi manja kunaletsedwa ndi lamulo mu 1993, kenako ndi lamulo lina lokhwima mu 2013. Koma mpaka lero amuna amatsitsidwa m'maenje a suweji atavala kabudula yekha, chingwe m'chiuno, n'kubanika ndi mpweya woipa. Nthawi zambiri amafa awiri kapena atatu pamodzi, chifukwa woyamba akakomoka mnzake amalowa kuti akamupulumutse. Ambiri amafera m'matanki a nyumba zosanja za anthu ophunzira bwino, amene amafuna wotchipa m'malo moitana galimoto yopopa. Khothi Lalikulu linalamula mu 2014 kuti banja la womwalira lizilandira marupi 1 miliyoni, mu 2023 linakweza kufika 3 miliyoni. Bezwada Wilson, amene makolo ake ankagwira ntchito yomweyi ku Kolar Gold Fields, wathera moyo wake wonse akumenya nkhondoyi kudzera m'bungwe la Safai Karmachari Andolan. Koma sindinaonepo anthu a m'maofesi atadzaza msewu kukwiya chifukwa cha imfa zimenezi. Mphwayi za kuno zili ndi amene amazilipira, ndipo nthawi zonse ndi anthu omwewomwewo.

Mayi Nachisale (Delhi):
Achemwali Madalitso mwanditsegula maso. Pali mayi wina amene amabwera kudzatsuka zimbudzi pano. Ali ndi kapu yakeyake imene imakhala pawindo kunja. Ndinkayesa kuti mwina amadwala.

Gift (Lilongwe):
Koma abale, ife tili ndi mphamvu yanji yonena anzathu? Pitani kumsika wa Lilongwe muone mtsinje mmene ulili. Kuno chinthu chikawonongeka timangoti "ndi za boma izi". Tiyambe takonza kwathu.

Tiyamike (Kochi):
A Gift, zakwathu tinazikambirana kale pagulu pano ndipo tidzazikambirananso. Koma ena a ife tikukhala kuno, timapuma mpweya womwewu, timawoloka misewu yomweyi, abale athu akugona m'zipatala za kuno. Tili ndi ufulu wokambapo. Ndiponso amene anayamba kudzudzula si ife. Gandhi mwiniwake, polankhula ku Benares mu 1916, anadandaula za uve wa tinjira tozungulira kachisi wa Vishwanath, n'kufunsa ngati anthu osatha kusamala malo awo opatulika angathe kudzilamulira bwino. Papita zaka zoposa 100.

Madalitso (Pune):
Ndipitirize pang'ono, chifukwa pali mbali yachiwiri. Anthu amene ali ndi mawu kuno, amene akanati alankhule boma n'kunjenjemera, anadzigulira njira yotulukira. Madzi a khonsolo akasiya kutuluka, sayenda ulendo wa kukhonsolo, amaitanitsa thanki ya madzi pafoni. Magetsi akamazima, nyumba yosanja ili ndi jenereta. Sukulu ya boma ikaipa, mwana amapita ku pulaiveti. Mpweya ukaipa amagula makina ousefa, kuika kuchipinda chogona. Chitetezo ali ndi mlonda pageti. Mkati mwa mpanda muli kapinga wothiriridwa ndi dziwe losambira, kunja kwake msewu wa maenje. Aliyense wathetsa vuto lake payekha, ndiye palibe chifukwa chothetsera vuto la onse.

Kumene ndimakhala, msonkhano wa eni nyumba ukakhala wokambirana za malo oimika galimoto kapena ngati antchito a m'nyumba azikwera chikepe chimodzi ndi mabwana awo, holo imadzaza, anthu mpaka kutukwanana. Koma titafunsa kuti ndani angapite nafe ku ofesi ya wodi kukanena za ngalande imene imasefukira chaka chilichonse panja pa geti, aliyense anali wotanganidwa.

Onani kavotedwe. Pa chisankho cha 2024, dziko lonse anavota pafupifupi 66 pa 100 alionse. M'madera a mumzinda wa Bengaluru anali cha m'ma 53 kapena 54. Ku Mumbai South, kumene kuli mabwana olemera kwambiri m'dziko muno, anali pafupifupi theka. Anthu akumudzi ndi a m'makomboni osauka amaima pamzere padzuwa, chifukwa kwa iwo boma ndi mpunga wa pa khadi, ndi mpopi, ndi chipatala. Wolemera tsiku lovota amaliona ngati tchuthi.

Kondwani (Bengaluru):
Zimenezo ndinaziona mu Malichi 2024 madzi atasowa kuno. Zitsime zinauma, mitengo ya mathanki inakwera, anthu a m'nyumba zodula anayamba kulira pa intaneti. Kwa milungu ingapo aliyense ankakamba za nyanja za mumzinda zimene zinakwiriridwa n'kumangidwapo nyumba, ndi za nyanja ya Bellandur imene imachita thovu mpaka nthawi zina kuyaka moto. Mvula itangogwa, nkhani inatha.

Mayi Nachisale (Delhi):
Ndifunseko china. Tsiku lina tikuchokera kuchipatala tinapeza mnyamata wa njinga yamoto atagundidwa, ali gone pamsewu magazi akutuluka. Anthu anazungulira, ena akujambula ndi mafoni, koma womunyamula panalibe. Dalaivala wathu anakana kuima, anati "Madam, police problem". Usiku umenewo sindinagone. Kwathu ngakhale titasauka bwanji, munthu sangamusiye choncho. Kodi chimenechi ndi chiyani?

Imran (Leicester):
Mayi, pepani kuti munaona zimenezo. Dalaivalayo ananena zimene ambiri amaopa. Kwa zaka zambiri, munthu ukanyamula wovulala kupita naye kuchipatala, achipatala ankakugwira kuti ulipire, apolisi ankakufunsa ngati kuti ndiwe wamugunda, kenako unkaitanidwa kukhothi monga mboni kwa zaka. Anthu anaphunzira kuti chifundo chimabweretsa milandu. Piyush Tewari anataya msuweni wake wachinyamata amene anafera pamsewu anthu akungoonerera, ndipo mu 2008 anayambitsa bungwe la SaveLIFE Foundation. Anapita mpaka ku Khothi Lalikulu, ndipo mu 2016 khothilo linalamula kuti wothandiza wovulala asakakamizidwe kutchula dzina, asasungidwe kuchipatala, asavutitsidwe ndi apolisi. Mu 2019 zinalowa m'lamulo la zapamsewu. Vuto n'lakuti ambiri sakudziwa, ndipo amene akudziwa sakhulupirira kuti wapolisi wa pamalopo alitsatira. M'dziko limene anthu oposa 168,000 anafa pa ngozi zapamsewu m'chaka cha 2022 chokha.

Ndipo mantha a kuno si ongopeka. Satyendra Dubey anali injiniya wa misewu ikuluikulu, analembera ofesi ya nduna yaikulu za katangale, anawomberedwa ku Gaya mu 2003. Manjunath Shanmugam anatseka malo ogulitsa mafuta osakaniza ku Lakhimpur Kheri, anaphedwa mu 2005. Satish Shetty ankafukula nkhani za kuba malo kufupi ndi Pune komwe muli a Madalitso, anabayidwa mu 2010. Bambo wa ana atatu akamva zimenezi n'kusankha kukhala chete, ine sindingamutche wamphwayi.

Madalitso (Pune):
A Imran, wosauka amene akuopa wapolisi ndimamumvetsa. Koma sipafunika kulimba mtima kwa Dubey kuti munthu asataye botolo pawindo la galimoto, kapena kuti alipire galimoto yopopa m'malo motsitsa munthu m'dzenje. Amene amayendetsa galimoto yodula mbali yolakwika ya msewu kuti asazungulire, sakuopa aliyense. Tisasakanize anthu awiriwa. Wina wakhala chete chifukwa alibe mphamvu, wina chifukwa zinthu mmene zililimu zikumukomera.

Tiyamike (Kochi):
Ndinene za kuno ku Kerala, chifukwa n'kosiyanako ndithu. Kuno anthu salekerera. Basi ikasiya kubwera, mawa lake pali kale gulu ndi mbendera pa ofesi. Mu 1996 chigawochi chinayamba kupereka gawo lalikulu la ndalama zachitukuko kumakhonsolo a m'midzi ndi m'matauni kuti anthu azikonza okha mapulani. Mu 1998 kunabwera Kudumbashree, magulu a amayi a m'madera amene lero ali ndi mamembala mamiliyoni. Amayi ovala yunifolomu yobiriwira a Haritha Karma Sena amayenda khomo ndi khomo kutolera mapulasitiki, ndipo banja lililonse limalipira kangachepe. Pa madzi osefukira a 2018, asodzi anakweza maboti awo pamalole kuchokera kunyanja n'kupita kukapulumutsa anthu masauzande kumtunda.

Koma musaganize kuti ndi kumwamba. Mu Malichi 2023 mtaya wa Brahmapuram unayaka kwa masiku oposa khumi, Kochi yense anakutidwa ndi utsi wa pulasitiki. Aliyense ankadziwa kuti phiri la zinyalala lija likukula, chifukwa linali litayakapo kale kangapo. Mu Julayi 2024 ku Thiruvananthapuram, bambo wina wolembedwa ganyu yoyeretsa ngalande ya Amayizhanjan anakokoloka n'kutsamwa m'zinyalala pansi pa siteshoni ya sitima. Mtembo wake unapezeka patapita masiku awiri, uku a njanji ndi a khonsolo akulozana zala kuti ngalandeyo ndi ya ndani. Zinyalalazo sizinagwe kumwamba. Anataya ndi anthu omwewa odziwa kulemba ndi kuwerenga.

Bambo Chirwa (Zomba):
Mwana wanga Tiyamike, chitsanzo chako chikutsimikiza zimene ndimanena. Kumene mphamvu ndi ndalama zinatsikira pafupi ndi anthu, anthu anadzuka. Onaninso Surat. Mu 1994 kunabuka mliri wa makoswe, anthu zikwi mazanamazana anathawa mumzinda, dziko lonse linachita manyazi. Chaka chotsatira kunabwera komishinala S. R. Rao. Anatulutsa mabwana m'maofesi kuti m'mawa uliwonse azikhala m'misewu, anaika chindapusa, anagwetsa nyumba zomangidwa mophwanya malamulo osayang'ana kuti mwini wake ndani. M'zaka zochepa Surat inasanduka umodzi wa mizinda yaukhondo m'dzikomo. Mzinda wa Indore nawo wakhala ukutsogola pa mpikisano wa ukhondo kuyambira 2017. Anachotsa mabini akuluakulu a m'misewu, galimoto imabwera pakhomo tsiku lililonse nthawi yomweyomweyo, ndipo ukapanda kusiyanitsa zinyalala zowola ndi zouma sakulandira. Lero munthu wa ku Indore amadzudzula mlendo akataya pepala pansi. Khalidwe linatsatira dongosolo.

Kondwani (Bengaluru):
Bambo, ndikumva, koma onani kuti ku Surat panafunika mliri kaye, ndiponso munthu mmodzi wotumidwa ndi boma. Si anthu amene anadzuka n'kunena kuti tatopa. Anachita mwayi kulandira bwana wabwino. Nanga mizinda ina idikire mliri wake? Ku Delhi mtaya wa Ghazipur unatsegulidwa mu 1984, unadzaza mu 2002, koma anapitiriza kutayapo mpaka phiri linafika mamita oposa 60, kutsala pang'ono kufanana ndi nsanja ya Qutub Minar. Mu 2017 mbali ina inagumuka n'kupha anthu awiri pamsewu. Limayaka moto kawirikawiri. Ili mumzinda umene muli nyumba ya malamulo, Khothi Lalikulu ndi manyuzipepala onse akuluakulu. Swachh Bharat, ndondomeko ya boma ya ukhondo, inayamba pa 2 Okutobala 2014, zimbudzi zinamangidwa zambiri ndipo chimenecho ndi chinthu chachikulu, sindikuchichepetsa. Koma mbali ya mzika inathera pa kujambulitsa chithunzi atagwira tsache.

Imran (Leicester):
Achimwene, mukuiwala anthu amene anadzuka. Mu 1990 Aruna Roy ndi anzake anayambitsa bungwe la alimi ndi antchito la MKSS kumudzi wa Devdungri ku Rajasthan. Alimi ndi aganyu osaphunzira ankasonkhana pabwalo, mabuku a boma n'kuwerengedwa mokweza, anthu n'kumva kuti akufa kale analembedwa kuti alandira malipiro. Kuchokera pamenepo kunabadwa lamulo la ufulu wopeza mauthenga la 2005. Mu Disembala 2012, mtsikana wina atagwiriridwa m'basi ku Delhi, achinyamata anadzaza misewu osaopa madzi a apolisi m'nyengo yozizira, ndipo malamulo anasintha mu 2013. Afroz Shah anayamba kutola zinyalala pagombe la Versova ku Mumbai mu 2015 ali ndi mkulu mmodzi woyandikana naye, mpaka anthu masauzande analowapo, ndipo mu 2018 tiana ta akamba a m'nyanja tinaonekanso pagombepo. Kwanu ku Bengaluru kuli gulu la The Ugly Indian limene limakonza ngodya zauve osatchula maina awo. Neelam ndi Shekhar Krishnamoorthy anataya ana awo awiri pa moto wa m'nyumba ya kanema ya Uphaar ku Delhi mu Juni 1997, pamene anthu 59 anafa chifukwa makomo otulukira anali otsekeka, ndipo anayenda m'makhothi zaka zoposa 20 osatopa. Dadarao Bilhore amakwirira maenje a m'misewu ya Mumbai ndi manja ake kuchokera pamene mwana wake anafera pa dzenje mu 2015. Onsewa ndi amwenye.

Kondwani (Bengaluru):
Ndimawalemekeza onsewo, a Imran, ndipo ena mwa iwo ndikawerenga nkhani zawo misozi imalengeza. Koma taonani mndandanda wanu womwewo. Tewari, a Krishnamoorthy, Bilhore. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Anayamba kumenya nkhondo maliro atalowa m'nyumba mwawo, ndipo anamenya pafupifupi okha. Makolo aja a Uphaar atayenda zaka 18, mu 2015 Khothi Lalikulu linalola eni nyumba ya kanema, abale a Ansal, kuti alipire marupi 300 miliyoni aliyense m'malo mobwerera kundende. Mzinda wa anthu mamiliyoni sunatekeseke. Chikhala kuti anthu amene amapita kukaonera kanema mlungu uliwonse anaima nawo limodzi kuyambira pachiyambi, kodi moto wa ku malo amasewera a ana ku Rajkot mu Meyi 2024, umene unapha anthu osachepera 27, ukanachitika mofanana chonchija?

Ndipo za Bilhore zimandiwawa mwanjira ina. Bambo woferedwa akukwirira dzenje ndi manja, anthu akumuombera m'manja pa Facebook, pamene kontilakita amene analandira ndalama za msewuwo ali phee kunyumba kwake. Timakonda ngwazi chifukwa ikakhalapo ife tapumula.

Bambo Chirwa (Zomba):
Apa ndiye wanena, Kondwani. Pa zitsanzo zonse za Imran, chimene ine ndimachiona cholemera ndi cha ku Rajasthan. Aja sanatenge makasu kukakonza okha msewu umene boma linalephera. Anati tionetseni mabuku, ndalama ndi zathu. Kusesa gombe n'kwabwino, koma mawa mtsinje ubweretsanso zina ngati amene amalipidwa kuti atole zinyalala kumtunda sakufunsidwa. Mzika yeniyeni ndi imene imadziwa dzina la injiniya wa wodi yake, tsiku limene komiti imakumana, ndi ndalama zimene zinaperekedwa pa ngalande ya pakhomo pake. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ilibe chithunzi chokongola, n'chifukwa chake ochepa amaifuna.

Madalitso (Pune):
Ndipo amene ali ndi nthawi, Chingerezi, foni yabwino ndi msuweni wa loya kuti agwire ntchito yotopetsayo, ndi omwe aja ali mkati mwa mpanda. Mayi wotsuka zimbudzi uja wa kapu ya pawindo sangalembe kalata yofunsa mabuku a khonsolo, akajomba tsiku limodzi amudula malipiro. Ndiye ine ndikamadzudzula mphwayi za kuno, sindikunena anthu 1.4 biliyoni, a Imran. Ndikunena anzanga a mu ofesi, amene amadandaula tsiku lililonse kuti amakhoma msonkho koma sapindula kanthu, amene akapita ku Singapore kapena ku Dubai salavula pansi ngakhale kamodzi, koma akabwerako sadziwa n'komwe kuti wodi yawo ndi nambala chani.

Imran (Leicester):
Mukanena choncho, achemwali, sindikutsutsani. Ndi abale anga enieni amene mukuwanenawo, ndipo ndikapita ku Gujarat timakangana nkhani yomweyi patebulo. Chokhacho ndikupempha n'chakuti nkhaniyi ikatuluka pagulu pano isakasanduke "amwenye ndi auve". Mwana wanga amawerenga Chichewa.

Tiyamike (Kochi):
Zamveka a Imran. Mayi Nachisale, poti mukhalabe ku Delhi mpaka abambo atatsiriza chithandizo: mukadzaonanso ngozi pamsewu, imbani 112, nambala ya zadzidzidzi. Simukakamizidwa kutchula dzina lanu, ndipo dalaivala akadzanenanso za apolisi mudzamuuze kuti lamulo linasintha, wothandiza wovulala samangidwa. Mwezi wa Novembala ukayandikira mugule mamasiki a N95, a nsalu aja sathandiza pa utsi umenewo, ndipo abambo asamatuluke m'mamawa pamene mpweya umakhala woipitsitsa.